PHUNZIRO LA MASAMU: KUYESA MBALI NDI KUKULA KWA ROMBASI

Pa nyengo ya kusosa, pamene anthu a ku Mzimba ayamba kukonza minda yawo poyembekeza mvula yoyamba, mawu akuti ekala samachoka pakamwa. Wina abwereketsa munda kwa mnzake pa mtengo wa ekala imodzi, wina alemba aganyu kuti amuungire mizere ya ekala, winanso atsika ku Boma kukagula mbewu ndi feteleza molingana ndi maekala amene akhulupirira kuti ali nawo. Koma akafunsidwa mmene anadziwira kukula kwa mundawo, ambiri amayankha chimodzimodzi: anayesa mbali imodzi ndi chingwe, nayesa mbali inzake, nachulukitsa manambala awiriwo. Njira imeneyi ndi yabwino pamene ngodya za munda zili zolungama. Ngodya zikapendekeka, njirayi imanama, ndipo pa munda umene mbali zake zopenyana zili zolingana, bodza lake limapita mbali imodzi nthawi zonse: limakulitsa munda umene uli waung'ono.

Phunziro lino lifotokoza za chinthu chimodzi cha mbali 4 chotchedwa rombasi, ndi njira yopezera utali wa mbali zake ndi kukula kwa m'kati mwake pogwiritsa ntchito manambala olozera malo. Lalembedwera ana a sekondale amene akukonzekera mayeso a MSCE, aphunzitsi awo, ndiponso mlimi ndi mmisiri aliyense wodziwa kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Wowerenga akhale ndi pensulo, rula ndi pepala la timabokosi pafupi, pakuti masamu salowa m'mutu mwa munthu wongopinda manja.

ROMBASI N'CHIYANI?

Rombasi ndi chinthu cha mbali 4 zowongoka, zonse zolingana utali. Dzinali ndi la Chigiriki, ndipo Euclid, mphunzitsi wa ku Alexandria m'dziko la Ejipito, analitchula kale m'mabuku ake a masamu cha m'ma 300 Ambuye asanabadwe. Munthu akatenga timitengo 4 tolingana, natimanga kumapeto ndi luzi, apanga sikweya. Akakankha ngodya imodzi ndi chala, timitengo sitifupika ayi, koma sikweya ija imapendekeka nisanduka rombasi. Maonekedwe amenewa sali achilendo kuno. Amapezeka pa maluko a lichero ndi dengu, pa zokongoletsa za mikanda, pa maso a waya wa mpanda, ndi pa zitsulo zotchinga mazenera a sitolo za pa Boma.

Mzere wochoka pa ngodya imodzi kudutsa m'kati kukafika pa ngodya yopenyana nayo umatchedwa dayagonolo, ndipo rombasi ili nawo awiri. Mu sikweya awiriwo ndi olingana. Sikweya ikapendekeka, wina amatalika, wina nafupika, ndipo malo a m'kati amachepa, ngakhale mbali zonse zikhale monga zinalili. Wokankhabe timitengo tija adzaona kuti potsiriza tigundana, m'kati osatsala malo ngakhale pang'ono, chonsecho utali wa kamtengo kalikonse sunasinthe. Apa mpamene pagona phunziro lonse: mbali zokha sizinena kukula kwa munda.

MANAMBALA OLOZERA MALO

Nzeru ya kulozera malo ndi manambala awiri imatchulidwa ndi dzina la René Descartes, Mfalansa wobadwa mu 1596, amene anaphunzira kwa ansembe a chipani cha Majezwiti pa sukulu ya La Flèche. Mu 1637 iye anasindikiza buku la La Géométrie, mmene anasonyeza kuti mafunso a mizere angathe kumasulidwa ndi masamu a malembo. Mfalansa wina, Pierre de Fermat, anafika pa nzeru yomweyo payekha m'zaka zomwezo, ndipo makalata a akatswiri awiriwa ankadzera kwa wansembe wodziwa masamu, Bambo Marin Mersenne. Akatswiri a pambuyo pake ndiwo anakonza njirayi kufikira inaoneka monga ilili m'mabuku a sukulu. Mpingo tsono suli mlendo m'nyumba ya masamu. Ndipo mu dayosizi ya Mzuzu momwemu anthu akumbukira kuti Ambuye John Ryan, ochokera ku Ireland, anali mphunzitsi wa masamu pa Yunivesite ya Mzuzu asanasankhidwe kukhala episkopi mu 2016.

Njira yake nayi. Pa pepala pajambulidwe mizere iwiri yopingasana pa ngodya yolungama, ndiye kuti ya madigiri 90. Wogona umatchedwa mzere wa x, woimirira umatchedwa mzere wa y, ndipo pamene ikomana ndiye pa chiyambi, polembedwa (0, 0). Malo ena alionse amapatsidwa manambala awiri: yoyamba inena mtunda wopita kudzanja lamanja, yachiwiri inena mtunda wokwera. Motero (6, 1) atanthauza kuti munthu ayende timabokosi 6 kumanja, nakwere kamodzi. Wobwerera kumanzere kapena wotsika pansi pa chiyambi amaika chizindikiro chochotsera patsogolo pa nambala. Dongosolo lake silisinthika: x poyamba, y pambuyo.

Dziko lonse lapansi linalembedwa mwa njira yofanana ndi imeneyi. Mzimba Boma ili pafupifupi madigiri 12 kumwera kwa ekweta ndi madigiri 33 ndi theka kum'mawa kwa mzere wa Greenwich. Ndipo mapu a boma a mlingo wa 1:50,000 ali ndi timabokosi timene kalikonse kaimira kilomita imodzi mbali zonse, kotero kuti phiri la Hora, Embangweni kapena Jenda zingalozedwe ndi manambala popanda kutchula dzina.

KUPEZA UTALI WA MZERE

Chida choyamba ndi lamulo lakale lotchulidwa ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki wa pa chisumbu cha Samos. Pa chinthu cha mbali 3 chokhala ndi ngodya imodzi yolungama, mbali yaitali ikachulukitsidwa ndi iyo yokha, yankho limalingana ndi la mbali ziwiri zinazo, iliyonse yochulukitsidwa ndi iyo yokha, zitawonkhetsedwa. Mbali zikakhala 3 ndi 4, yaitali ikhala 5, pakuti 9 + 16 = 25, ndipo 5 × 5 = 25. Nambala 5 imatchedwa muzu wa 25, ndipo chizindikiro cha muzu ndi √.

Pofuna utali wa mzere pakati pa malo awiri, wophunzira achotsere x wa malo oyamba kwa x wa malo achiwiri, achite chimodzimodzi ndi y, achulukitse yankho lililonse ndi ilo lokha, awonkhetse, natenge muzu. Kusiyana kwa x ndi kusiyana kwa y ndizo mbali ziwiri zazifupi, ndipo mzere wofunidwa ndiwo mbali yaitali.

Chitsanzo choyamba: ngodya ndi A (1, 1), B (6, 1), C (9, 5) ndi D (4, 5).

AB: kusiyana kwa x ndi 5, kwa y ndi 0, utali ndi 5.
BC: kusiyana kwa x ndi 3, kwa y ndi 4, utali ndi √25, ndiye 5.
CD: kusiyana kwa x ndi −5, kwa y ndi 0, utali ndi 5.
DA: kusiyana kwa x ndi −3, kwa y ndi −4, utali ndi √25, ndiye 5.

Chizindikiro chochotsera chisaopse munthu, pakuti −3 × −3 ndi 9, monganso 3 × 3. Mbali zonse ndi 5, choncho ABCD ndi rombasi. Kodi ndi sikweya? Madayagonolo ndiwo ayankhe. AC ali ndi kusiyana kwa 8 ndi 4, ndipo utali wake ndi √80, pafupifupi 8.94. BD ali ndi kusiyana kwa −2 ndi 4, ndipo utali wake ndi √20, pafupifupi 4.47. Popeza salingana, chinthuchi si sikweya.

MAKHALIDWE AWIRI A MADAYAGONOLO

Khalidwe loyamba ndi lakuti madayagonolo amadulana pakatikati. Pakatikati pa mzere pamapezeka powonkhetsa ma x awiri ndi kugawa ndi 2, ndi kuchita chomwecho ndi ma y. Pa AC: (1 + 9) ÷ 2 = 5, ndipo (1 + 5) ÷ 2 = 3. Pa BD: (6 + 4) ÷ 2 = 5, ndipo (1 + 5) ÷ 2 = 3. Onse awiri apereka (5, 3).

Khalidwe lachiwiri ndi lakuti amapingasana pa ngodya yolungama. Kupendekeka kwa mzere, kumene m'kalasi amati gradiyenti, ndiko kusiyana kwa y kogawidwa ndi kusiyana kwa x; ndipo mizere iwiri imakomana pa madigiri 90 pamene kupendekeka kwa wina kochulukitsidwa ndi kwa unzake kubala −1. Kwa AC ndi 4 ÷ 8, ndiye theka. Kwa BD ndi 4 ÷ −2, ndiye −2. Theka la −2 ndi −1.

Koma chitsanzo chimodzi si umboni wokwanira. Wophunzira wanzeru adzafunsa ngati zimenezi zimachitika pa rombasi iliyonse. Apa mpamene malembo aposa manambala. Mbali itchedwe s. Ngodya A ikhale (0, 0), B ikhale (s, 0), D ikhale (a, h), ndipo C ikhala (s + a, h). Popeza AD ndi s, lamulo la Pythagoras likuti a² + h² = s². Kupendekeka kwa AC ndi h ÷ (a + s), kwa BD ndi h ÷ (a − s). Pochulukitsa, pamwamba pakhala h², pansi pakhala a² − s². Koma a² − s² ndi −h², monga lamulo lija lasonyezera. Yankho tsono ndi −1, rombasi ikule kapena ichepe, ipendekeke pang'ono kapena kwambiri. Mizere yochepa imeneyi yatseka mlandu wa marombasi onse.

KUKULA KWA M'KATI

Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndiyo kuchulukitsa tsinde ndi msinkhu. Tsinde ndi mbali imene yagona; msinkhu si mbali yopendekeka ija, koma mtunda wowongoka pakati pa mbali yapansi ndi yapamwamba. Pa chitsanzo chija mbali yapansi ili pa y = 1, yapamwamba pa y = 5; msinkhu ndi 4, ndipo kukula ndi 5 × 4 = 20. Wokayika adule ndi lumo kachidutswa kosongoka ka kumanja, nakaike kumanzere: adzapeza chinthu cha ngodya zolungama, 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, cha timabokosi 20. Woyesa mbali zokha akadanena 25.

Njira yachiwiri ndiyo kuchulukitsa madayagonolo awiri ndi kugawa ndi 2. Chifukwa chake n'chakuti madayagonolo, popingasana pa ngodya yolungama, amagawa rombasi m'zidutswa 4 zolingana. Ndipo munthu akajambula bokosi lozungulira rombasiyo, lotalika monga dayagonolo wamkulu ndi lotambalala monga wamng'ono, m'bokosimo mulowa zidutswa zotere 8. Rombasi tsono ndi theka la bokosi. Pa chitsanzo chija √80 × √20 = √1,600 = 40, ndipo theka lake ndi 20. Njira ziwiri zagwirizana. Pa mayeso nkwabwino kusunga manambala m'kati mwa muzu kufikira kumapeto, kuti yankho lituluke lathunthu.

Chitsanzo chachiwiri: A (0, 0), B (24, 7), C (24, 32), D (0, 25). AB ndi √(576 + 49) = 25; BC ndi 32 − 7 = 25; CD ndi DA nazonso ndi 25. AC ndi √(576 + 1,024) = 40, ndipo BD ndi √(576 + 324) = 30. Kukula ndi 40 × 30 ÷ 2 = 600. Apa paonekanso njira yopezera dayagonolo wosadziwika. Chidutswa chilichonse mwa 4 zija chili ndi mbali ya rombasi monga mbali yake yaitali, ndi theka la dayagonolo aliyense monga mbali zake zazifupi. Wodziwa kuti mbali ndi 25 ndi kuti dayagonolo mmodzi ndi 40, atenga theka, ndiye 20; 625 − 400 = 225; muzu wake ndi 15; ndipo dayagonolo winayo ndi 30.

MUNDA WA MAMITA 65

Tsopano masamu atuluke m'kalasi, apite kumunda. Chitsanzo chikhale cha mayi wamasiye wa cha ku Manyamula amene afuna kubwereka munda pa mtengo wa ekala. Mwini munda ayesa pamaso pake mbali zonse 4, iliyonse nipezeka mamita 65. Achulukitsa 65 × 65, napeza masikweya mita 4,225. Ekala ndi masikweya mita 4,047; choncho mwini munda anena ndi mtima woyera kuti wapereka ekala ndi basera pamwamba.

Mwana wa mayiyo, wa fomu 3, akhoma chikhomo pa ngodya imodzi, natcha A (0, 0). Akoka chingwe motsata malire a m'mphepete mwa njira kufika pa B (65, 0). Kuti adziwe malo a ngodya D, afunafuna pa chingwe chija malo amene mzere wochokera ku D ungagwerepo pa ngodya yolungama, nayesa ngodyayo ndi chingwe china cha mfundo pa mamita 3, 4 ndi 5. Apeza kuti malowo ali mamita 25 kuchokera pa A, ndi kuti kuchokera pamenepo kufika ku D ndi mamita 60. D tsono ndi (25, 60), ndipo mwa njira yomweyo C apezeka (90, 60).

Mwini munda sananame pa mbali, pakuti 25² + 60² = 625 + 3,600 = 4,225, ndipo muzu wake ndi 65. Koma kukula kwa munda ndi 65 × 60 = 3,900. Madayagonolo avomereza: AC ndi √11,700, pafupifupi mamita 108.2, BD ndi √5,200, pafupifupi mamita 72.1, akachulukitsidwa abala 7,800, ndipo theka lake ndi 3,900. Munda umene unatchedwa woposa ekala upereweradi pa ekala ndi masikweya mita 147, ndipo pa nambala ya mwini wake uperewera ndi 325. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi 325 ndi kanthu? Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Pa mlingo umenewu masikweya mita 325 ndi malo a mapesi oposa 1,700. Ndipo munda ukadapendekeka kwambiri, D nakhala pa (39, 52), mbali zikadakhalabe mamita 65, koma kukula kukadatsika kufika pa 65 × 52 = 3,380; gawo limodzi mwa magawo 5 likadasowa, ndiwo mapesi oposa 4,500. Kwa banja limene nkhokwe yake imatha mu Januwale, imeneyi si nkhani ya pa bolodi.

Cholakwa chomwechi chimapweteka mbali zonse. Wobwereka munda alipira malo amene kulibe. Wolemba aganyu alipira mizere imene sinaungidwe. Wogula mbewu ndi feteleza awerengera munda umene alibe. Ndipo abale awiri ogawana munda wa atate awo poyesa mbali zokha angathe kudana zaka zambiri, wina ataona kuti chigawo chake chibala zochepa, pamene palibe anafuna kunyenga mnzake.

CHIKHOMO CHIKASOWA

Kawirikawiri malire a munda amadziwika ndi mtengo, chulu, khonje kapena mwala. Ndipo zimachitika kuti chizindikiro chimodzi chimachoka, kaya ndi madzi, kaya ndi moto, kaya ndi dzanja la munthu. Ngati kudziwika kuti mundawo unali rombasi, ngodya 3 zotsala zikwanira kubweza yachinayi. Zikhale A (0, 0), B (65, 0) ndi C (90, 60). Pakatikati pa AC ndi (45, 30), ndipo pomwepo payenera kukhalanso pakatikati pa BD. Choncho x wa D wowonkhetsedwa ndi 65 abale 90, ndiye kuti x ndi 25; y wa D wowonkhetsedwa ndi 0 abale 60, ndiye kuti y ndi 60. Chikhomo chibwerera pa (25, 60), popanda kulumbira ndi popanda nkhwangwa.

Ichi ndi chifukwa chake oyesa malo a boma amalemba manambala a bikoni iliyonse. Lamulo la malo a kwa mafumu la chaka cha 2016 linatsegula njira yakuti anthu alembetse malo awo, ndipo malo salembetsedwa popanda kudziwika malire ake. Bikoni ingazulidwe usiku, koma manambala ake amatsala pa pepala. Komabe wowerenga achenjere ndi GPS ya m'foni ya m'manja, pakuti imatha kuphonya ndi mamita angapo. Pa kamunda kakang'ono tepi ndi chingwe zimaposa foni. Akumbukirenso kuti pa malo otsetsereka, monga m'mbali mwa mapiri a Viphya, tepi igwiridwe mogona bwino, osatsata kutsetsereka kwa nthaka, chifukwa kukula kwa malo kumawerengedwa monga pa mapu.

MUNDA UMENE SULI ROMBASI

Minda yambiri ilibe mbali zolingana, ndipo kutenga theka la madayagonolo pa munda wotere ndi kulakwa, pokhapokha atapingasana pa ngodya yolungama. Koma manambala olozera malo ali ndi njira imene imagwira pa munda uliwonse wa malire owongoka. Inafotokozedwa ndi Mjeremani Albrecht Meister mu 1769, ndipo oyesa malo amaigwiritsa ntchito. Ngodya zilembedwe motsatana, monga munthu angayendere kuzungulira munda, ndi kubwereza yoyamba kumapeto. Choyamba, x aliyense achulukitsidwe ndi y wa ngodya yotsatira, ndi kuwonkhetsa. Chachiwiri, y aliyense achulukitsidwe ndi x wa ngodya yotsatira, ndi kuwonkhetsa. Theka la kusiyana kwa mayankho awiriwo ndiko kukula kwa munda. Pa munda uja: 0 + 3,900 + 5,400 + 0 = 9,300; ndipo 0 + 0 + 1,500 + 0 = 1,500. Kusiyana ndi 7,800, theka lake 3,900. Mboni yachitatu yanena zomwezo.

CHENJEZO KWA AMISIRI

Akhristu a m'mphakati akamamanga katchalitchi kapena nyumba ya mphunzitsi, rombasi imalowa mosaitanidwa pa tsiku lokhoma zikhomo za maziko. Chipinda chikhale cha mamita 10 mbali zonse. A ndi (0, 0), B ndi (10, 0), D ndi (a, h), C ndi (10 + a, h), ndipo a ndiwo mtunda umene khoma lapatuka. Popeza a² + h² = 100, AC² = 200 + 20a, ndipo BD² = 200 − 20a. Khoma likapanda kupatuka, dayagonolo aliyense ndi √200, ndiye mamita 14.14. Koma tepi ikasonyeza mamita 14.5, ndiye kuti 200 + 20a = 210.25, ndipo a ndi masentimita 51. Dayagonolo winayo apezeka pafupifupi mamita 13.8. Kukula kwa chipinda sikusintha kwenikweni, kutsala masikweya mita 99.9, koma ngodya yapatuka theka la mita, ndipo tsiku lofolera malata adzatuluka ngati mano a sowo, mbali ina kutsala pamtunda. Mmisiri wabwino sakumba maziko asanayese madayagonolo onse awiri ndi kuona kuti alingana. Mphindi zochepa za tepi zimapulumutsa njerwa ndi simenti zimene akhristu anasonkha movutikira.

MUYESO NDI CHILUNGAMO

Liwu la Chigiriki limene linabala dzina la phunziroli litanthauza kuyesa nthaka, ndipo wolemba mbiri Herodotus anati luso limeneli linayambira ku Ejipito, kumene mtsinje wa Nile unkakokolola minda, nipafunika kuyesanso malo a munthu aliyense kuti msonkho wake ukhale wolingana ndi munda umene wamutsalira. Kuyambira pachiyambi tsono, masamu awa anali wantchito wa chilungamo. Malembo Oyera nawonso sanyoza nkhaniyi. Buku la Deuteronomo ndi la Miyambo amaletsa kusuntha malire a mnzako, buku la Levitiko limafuna miyeso yoona, ndipo mbiri ya Naboti ndi mfumu Ahabu isonyeza mmene Mulungu amaonera kulanda munda wa munthu wamba.

Munthu wolakwitsa muyeso mosadziwa sanachimwe. Koma akauzidwa, naona ndi maso ake kuti munda ndi 3,900, napitirizabe kulandira mtengo wa 4,225, walowa pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, ndipo katekisimu imaphunzitsa kuti chotengedwa mosalungama chiyenera kubwezedwa. Mwananso amene waphunzira zimenezi wasenza udindo. Nzeru yake isakhale yochititsa manyazi akulu pa bwalo, kapena yochenjerera osaphunzira. Apemphe mwaulemu kuti chingwe chikokedwenso, mbali zonse ziwiri zikupenya, pakuti muyeso woona umateteza mwini munda ndi wobwereka pamodzi.

NTCHITO YOYESERA

1. Ngodya ndi P (1, 1), Q (14, 1), R (19, 13), S (6, 13). Wophunzira asonyeze kuti ndi rombasi, napeze kukula kwake mwa njira ziwiri.
2. Ngodya 3 za rombasi ABCD ndi A (1, 2), B (5, 5), C (9, 2). Apeze D, utali wa mbali, ndi kukula.
3. Rombasi ili ndi mbali ya masentimita 17 ndi dayagonolo wa masentimita 30. Apeze dayagonolo winayo ndi kukula.
4. Ngodya ndi (0, 0), (6, 0), (9, 4), (3, 4). Kodi theka la madayagonolo ochulukitsidwa lipereka kukula koona?

MAYANKHO

1. Mbali zonse ndi 13; 13 × 12 = 156; ndiponso √468 × √208 = 312, theka lake 156.
2. D ndi (5, −1); mbali ndi 5; madayagonolo ndi 8 ndi 6; kukula ndi 24.
3. 289 − 225 = 64; muzu wake ndi 8; dayagonolo ndi masentimita 16; kukula ndi masikweya sentimita 240.
4. Ayi. Mbali ndi 6 ndi 5, choncho si rombasi. Kukula koona ndi 6 × 4 = 24, pamene madayagonolo, √97 ndi 5, akadapereka pafupifupi 24.6.

Wophonya funso lachinayi asataye mtima, koma abwerere ku chiyambi cha phunziro, nakumbukire kuyesa mbali zonse asanatchule chinthu dzina. Ndipo amene wakhoza onse 4 asapinde pepala n'kuliika m'thumba. Loweruka likudzali abwereke tepi kwa mmisiri wa m'mudzi, atenge chingwe ndi zikhomo, apemphe chilolezo kwa makolo ake, nakayese dimba kapena munda wa pakhomo, kuti banja lidziwe kukula kwake kwenikweni mvula isanagwe.